Nsima Ichepe, Ndiwo Zichuluke: Kuchepetsa Thupi Popanda Kudzikhaulitsa ndi Njala

Kabuku aka talembera inu amene achipatala akuuzani kuti thupi lachuluka, kapena amene mwadzionera nokha: lamba mwaboola kachiwiri, siketi ya kutchalitchi yayamba kukana, kachitunda kamene kale munkakwera uku mukucheza lero mukufika pamwamba pake muli wefuwefu. Talemberanso amene amaphika pakhomo, chifukwa wogwira mthiko ndi chipande ndiye amagamula zimene banja lonse lidye.

Munthu wofuna kuchepetsa thupi ayenera kudya, ndipo ayenera kukhuta. Chofunika kusintha ndi zimene zadzaza m'mbalemo.

Kodi thupi lachulukadi?

Vutoli lalowa m'makomo ambiri. Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'dziko lonse la Malawi mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49, amayi 21 anali onenepa kupyola muyeso, pamene mu 1992 anali 10 okha. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi magazi ochepa, ndipo ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Choncho musadabwe kupeza pakhomo limodzi mayi wonenepa koma wochepa magazi, mwana wake ali wopinimbira, onse akudya za mumphika umodzi. Mphikawo uli ndi nsima yokwanira, koma zina zonse n'zoperewera.

Kuchipatala amayeza kunenepa ndi muyeso wotchedwa BMI. Amatenga kulemera kwanu m'makilogalamu, n'kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita atauchulukitsa ndi iwo womwe. Mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 80 amapeza 31. Kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndiye kuti muli bwino, 25 kupita m'mwamba thupi lachuluka, ndipo 30 kupita m'mwamba lachuluka kwambiri.

Ngati masamuwo akuvutani, tengani chingwe. Chiyezeni kuyambira kuphazi mpaka pamwamba pa mutu wanu, dulani, kenaka chipindeni pakati. Chingwe chopindacho muchizungulize pamimba, cha pamchombo, musanadye ndiponso osakoka mimba. Ngati nsonga zake zikukana kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Mafuta amenewa ndiwo oopsa kuposa a m'ntchafu kapena a m'mikono, chifukwa amakuta ziwalo zam'kati ndipo amayenda limodzi ndi matenda a shuga, BP ndi a mtima.

Musadziikire zosatheka. Mayi wa makilogalamu 80 uja akachotsa makilogalamu 4 mpaka 8 okha, BP ndi shuga wake zimayamba kumvera, mawondo amapepukidwa. Liwiro labwino ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Kuthamanga sikufika.

Chimene njala imachita

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika pamsika. Lolemba walumbira kuti nsima wasiya. M'mawa wangomwa madzi otentha ofinyiramo ndimu. Pofika 11 koloko mutu wayamba kugunda, makasitomala onenerera mtengo akuwayankha mokalipa. Masana anzake akudya, iye akuyang'ana kumbali, ati ali pa dayeti. Cha m'ma 3 koloko manja akunjenjemera, ndipo mnyamata wa mandasi akudutsa ndi ndowa yake. Wagula atatu, ndi botolo la chakumwa chozizira loti atsitsire. Madzulo kunyumba wadya mitanda itatu, wapalanso nkhoko. Lachinayi dayeti yatha, chatsala ndi kudziona wolephera.

Mayiyu si wofooka mtima. Thupi lake lachita zimene thupi la munthu aliyense limachita. Mukalimana chakudya, makilogalamu oyamba kutsika pasikelo amakhala madzi ambiri, kenaka thupi limayamba kudya minofu pamodzi ndi mafuta. Minofu ndi imene imawotcha chakudya chambiri m'thupi, ndiye ikachepa, thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu moumira ngati banja la mu Febuluwale. Njala nayo imakula. Tsiku limene mudzayambirenso kudya monga kale, mafuta amabwerera mofulumira, nthawi zina kuposa poyamba, pamene minofu ija siinabwerere. Onjezanipo kuchepa kwa magazi, chizungulire, kudzimbidwa ndi kusowa mphamvu yogwirira ntchito.

Idyani katatu pa tsiku, pa nthawi zodziwika. Munthu amene wadya bwino m'mawa ndi masana amadutsa pa chiwaya madzulo osaima.

Tembenuzani mbale

Kwathu kuno tinakula tikudziwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo ndi zongotsitsira. Mwana wodya ndiwo zambiri ankadzudzulidwa kuti ndi wankhuli. Mwambowu unali ndi nzeru zake pamene anthu ankalima kuyambira m'bandakucha, kusinja pamtondo, kuyenda mitunda kukatunga madzi. Lero ambiri timakhala tsiku lonse pampando, pa okala, mu ofesi kapena pa chiwongolero, chimanga chikupita kuchigayo, ife tikupita pa kabaza, koma mitanda idakali yomwe ija.

Nsima musaisiye. Ingoipatsani malo ake. Gawani mbale yanu m'maganizo: theka lonse likhale masamba, theka linalo muligawe pawiri, mbali ina nsima, mbali ina ndiwo zomanga thupi monga nyemba, usipa, mazira kapena nyama. Muyeso muli nawo kale m'manja mwanu. Nsima ikhale yaikulu ngati nkhonya yanu, umene uli mtanda umodzi wa chipande chapakatikati. Nsomba kapena nyama ikhale ngati chikhatho chanu popanda zala. Nyemba zikhale chipande chimodzi chodzaza. Masamba akhale odzaza manja awiri, ndipo mukafuna kuonjezera, onjezerani amenewo. Wogwira ntchito yakalavulagaga, monga kuumba njerwa kapena kupalasa kabaza, nsima yake iyenera kuposa pamenepa.

Ngati munazolowera mitanda itatu, musagwere pa umodzi tsiku limodzi. Sabata ziwiri zoyamba idyani iwiri, masamba mutachulukitsa, kenaka mutsike. Yambani ndi masambawo, nsima ibwere pambuyo, ndipo tafunani modekha. Mimba imachedwa kuuza mutu kuti yakhuta, ndiye wodya mothamanga amazindikira atapyola kale.

Kudyera m'mbale imodzi ndi banja kumasokoneza muyeso, chifukwa dzanja limangopita osawerenga. Pakulirani gawo lanu m'mbale yanuyanu, mukhale pamphasa pomwepo ndi anzanu.

Nanga ufa uti? Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhala momwemo. Umachedwa kugayika, umakhalitsa m'mimba, umathandiza kupita kuchimbudzi bwino, ndipo uli ndi mavitamini amene ufa woyera unataya pokonola ndi poviika. Koma tisanamizane: mitanda itatu ya mgaiwa imanenepetsa ngati mitanda itatu ya woyera. Ngati akunyumba akuukana mgaiwa, yambani mwasakaniza theka ndi theka.

Kumbukiraninso kuti mpunga, buledi, chinangwa, mbatata, mbatatesi, nthochi zophika, mapira ndi mawere ndi abale a nsima. Sankhani chimodzi pa chakudya chilichonse. Mpunga wokhala ndi chipisi pambali, monga timaonera m'maukwati, ndi nsima iwiri m'mbale imodzi.

Magulu asanu ndi limodzi asasowe

Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi akhala akutiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Wochepetsa thupi sayenera kutaya gulu ngakhale limodzi. Awiri, zokhutitsa ndi zamafuta, awachepetse. Enawo awasamale kuposa kale.

Za m'gulu la nyemba ndizo bwenzi lenileni la munthu wochepetsa thupi. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya zimamanga minofu, zimakhutitsa kwa nthawi yaitali, ndipo sizilowa m'thumba ngati nyama. Ziviikeni usiku kuti zipse msanga ndi kuchepetsa mpweya m'mimba. Mtedza nawo ndi wabwino, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndiye dzanja limodzi pa tsiku lakwana. Wokhala ndi lichero la mtedza wokazinga pamiyendo uku akumvera wailesi amadya chakudya cha masana kachiwiri osadziwa.

Pa zochokera ku nyama musaderere tinsomba. Usipa, matemba, kapenta ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo mingayo imalimbitsa mafupa. Mazira owiritsa, chambiko, ngumbi ndi mphalabungu pa nyengo yake zonse zili m'gulu lomweli. Nkhuku ichotseni khungu, nyama muichotse mafuta oonekera. Nsomba yowotcha kapena yophika ndi tomato imaposa yoviika m'mafuta. Soseji ndi poloni zili ndi mafuta ndi mchere wambiri, zisakhale za tsiku ndi tsiku.

Masamba ndiwo adzaze mimba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, ndipo ife tili ndi mwayi woti ambiri amangomera okha kuseri kwa nyumba: bonongwe, chisoso, luni, denje. Onjezanipo nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, therere, mpiru, repu, kabichi, ndi mfutso m'chilimwe. Kaphikidwe kake ndi komwe kumaononga. Tsukani masamba musanadule, osati mutadula. Madzi akhale ochepa, awire kaye, muike masamba, muvundikire, muphule akadali obiriwira. Soda amafewetsa msanga koma amapha mavitamini ena, ndiye musamuzolowere pa ndiwo iliyonse. Mukatendera, supuni imodzi kapena awiri a nsinjiro akwana, ndipo musathirenso mafuta, chifukwa nsinjiro ndi mafuta kale.

Zipatso idyani zathunthu, ziwiri kapena zitatu pa tsiku, zimene zili pa nyengo: papaya, gwafa, nachesi, nthochi, masuku, masau, malambe. Kuzifinya n'kuthiramo shuga ndi kuziononga. Nyengo ya mango samalani. Awiri akwana, osati beseni. Peyala lili m'gulu la zamafuta, theka ndi lokwanira. Chipatso chowawasa mukachidya pamodzi ndi nyemba kapena masamba chimathandiza thupi kutenga ayironi wopanga magazi, pamene tiyi womwera pa chakudya amatchinga ayironiyo. Amayi ochepa magazi amwe tiyi patadutsa ola limodzi atadya.

Zonenepetsa zimene sitiziwerenga

Anthu ambiri amalimbana ndi nsima, pamene mbala yeniyeni ili m'botolo ndi m'kapu.

Tiyambe ndi mafuta ophikira. Mphamvu ya m'chakudya amaiyeza m'makalori. Galamu imodzi ya ufa kapena shuga imapereka makalori pafupifupi 4, pamene galamu imodzi ya mafuta imapereka 9. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, amene munthu wamkulu amawawotcha poyenda mwandawala pafupifupi theka la ola. Tsono taonani mmene timathirira: botolo kupendeketsa, dzanja likuzungulira mumphika, mpaka tomato akusambira. Pamenepo alowa masupuni asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mafutawo sakhutitsa ndi pang'ono pomwe. Ikani supuni pafupi ndi botolo, muziyeza. Mphika wa ndiwo wa anthu asanu supuni imodzi kapena awiri akwana. Kukoma kuchokere ku anyezi, tomato, adyo, tsabola ndi ndimu. Mafuta musawasiyiretu, chifukwa popanda iwo thupi limalephera kutenga vitamini A wa m'masamba ndi m'mbatata yofiira m'kati.

Mandasi, zitumbuwa, chipisi, zibwente ndi kanyenya wa pachiwaya zonse zamwa mafuta, ndipo nthawi zambiri ndi mafuta otenthetsedwa mobwerezabwereza. Kamodzi pa sabata sizingakupheni. Tsiku ndi tsiku ndiye lamba uja.

Shuga tiwerengere limodzi. Supuni yaing'ono yosadzaza mosefukira ndi magalamu 4. Womwa makapu awiri a tiyi pa tsiku, kapu iliyonse masupuni atatu, amamwa masupuni 180 pa mwezi, omwe ndi magalamu 720, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a paketi ya kilogalamu munthu mmodzi. A WHO amati munthu wamkulu asapyole masupuni aang'ono 12 pa tsiku, kuwerengera shuga yense wa m'tiyi, m'phala, m'zakumwa ndi m'mabisiketi, ndipo 6 ndiye abwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zozizira zotsekemera limatha kukhala ndi masupuni 7 kapena 8. Chepetsani theka la supuni sabata iliyonse. Lilime limazolowera, ndipo pakatha miyezi iwiri tiyi wa masupuni atatu adzakutsekemerani mopyola. Shuga wabulauni ndi uchi musazione ngati pothawira, thupi limazilandira chimodzimodzi.

Thobwa ndi chakudya, si madzi, makamaka lothira shuga. Kapu imodzi yakwana. Mowa, kaya wa masese kaya wa m'botolo, uli ndi makalori ambiri, ndipo umabwera ndi kanyenya wake. Abambo ambiri amene amati mimba yawo ndi ya ndalama, ndi ya mowa. Ludzu liphedwe ndi madzi; yendani ndi botolo lanu.

Mchere sunenepetsa, koma umakweza BP, imene anthu onenepa ambiri ali nayo kale. Muyeso ndi wosapyola magalamu 5 pa tsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli m'buledi, m'timabuloko tokometsera ndiwo ndi m'nsomba zouma zothira mchere. Chotsani kambale ka mchere pamphasa.

Ena amati kudya bwino ndi kwa olemera. Werengani ndalama imene imapita ku shuga, mafuta, mandasi ndi zakumwa pa sabata. Theka lake lokha likhoza kugula mazira, mulu wa usipa ndi papaya.

Tsiku limodzi lingaoneke chonchi

M'mawa, phala la mgaiwa lothira supuni ya nsinjiro kapena ufa wa soya, ndi nthochi imodzi. Tsiku lina mbatata yowiritsa yaikulu ngati nkhonya, makamaka yofiira m'kati monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, ndi dzira lowiritsa. Tiyi wa supuni imodzi ya shuga.

Masana, mtanda umodzi, nyemba, ndi bonongwe wodzaza theka la mbale. Wogwira ntchito kutali anyamule chakudya m'kontena; wopita chimanjamanja amathera pa chipisi. Njala ikabwera cha m'ma 4 koloko, gwafa, chimanga chowotcha chimodzi kapena dzanja la mtedza.

Madzulo, mtanda umodzi, usipa wophika ndi tomato, nkhwani wotendera. Yesetsani kudya kukadali maola awiri kapena atatu musanagone. Mukatha mwezi mukudya motere koma mukumva chizungulire, kufooka kapena njala yosakugonetsani, ndiye kuti mwachepetsa mopyola. Onjezerani nyemba, dzira kapena theka la mtanda.

Thupi liyendenso. Mphindi 30 zoyenda mwandawala, masiku asanu pa sabata, zimakwanitsa mphindi 150 zimene a zaumoyo amalangiza. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, siyani kabaza pa mtunda waufupi. Kulima, kuthirira kudimba, kukolopa ndi kuvina kukwaya zonse zimawerengedwa.

Pakamwa pa anthu

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kwathu kunenepa timakuyamikira: "Koma ndiye mwanenepatu, akukusungani bwino bambo a kunyumba!" Ukayamba kutsika, manong'onong'o amayamba, ena akuti banja lavuta, ena akuti ndi matenda aja. Apongozi akakuonani mukudya mtanda umodzi amafunsa ngati ndiwo sizinakome.

Musabise. Auzeni akunyumba poyera kuti achipatala akulangizani chifukwa cha BP kapena shuga. Anthu amalemekeza mawu a chipatala kuposa mawu oti dayeti. Kwa eni ake landirani chakudya ndi manja awiri, idyani mtanda wanu umodzi, yamikirani ndiwo, nenani kuti "Zikomo kwambiri amayi, ndakhuta zedi." Paukwati kapena pamaliro mukadya mopyola, mawa lake musadzilange ndi njala, ingobwererani ku mbale yanu ya masiku onse.

Musaphikenso miphika iwiri. Chakudya chimene tafotokozachi ndi chabwino kwa banja lonse, kusiyana kwake ndi muyeso basi. Ana, amene akukula, apatsidwe mokwanira ndipo asamanidwe.

Za matiyi, mapilisi ndi ufa wochepetsa thupi zotsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, sungani ndalama zanu. Zambiri zimangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, sikelo n'kutsika chifukwa cha madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo zina zimatha kuvulaza chiwindi ndi impso. Madzi a ndimu ndi chakumwa chabwino, koma sasungunula mafuta. Lamba womanga pamimba amangobisa.

Amene ayambe aonana ndi achipatala

Mayi woyembekezera asachepetse thupi. Woyamwitsa adye mokwanira, angochepetsa shuga ndi zokazinga. Mwana wonenepa musamuike pa dayeti nokha. Pitani naye kusikelo akakulangizeni. Okalamba, odwala TB ndi amene angochira kumene afunika kumanga thupi.

Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulini, kudumpha chakudya kungagwetse shuga mpaka kukomoka, choncho kambiranani ndi adokotala musanasinthe kadyedwe. Ma ARV ena a masiku ano ndiponso jakisoni wolera zimanenepetsa anthu ena. Musasiye mankhwala chifukwa cha zimenezo, kafotokozeni kuchipatala. Ndipo ngati thupi likutsika lokha inu musanasinthe kanthu, makamaka pali chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, kumeneko si kuchepetsa thupi. Pitani kuchipatala msanga.

Kwerani sikelo kamodzi pa sabata, sikelo yomweyomweyo, m'mawa, ndipo lembani m'kope. Sabata zina singano siidzasuntha. Yesani chingwe chija, nthawi zambiri chimayamba ndicho kuonetsa kusintha.

Madzulo ano, musanatereke mphika wa nsima, yambani mwathyola masamba okwanira theka la mbale ya aliyense, ndipo supuni muiike pafupi ndi botolo la mafuta. Sabata ino isathe musanakayezetse BP ndi shuga kuchipatala chimene muli nacho pafupi.